Funsani Alangizi: Zoyenereza mwana kuti akaphunzire digiri ya uinjiniya

Makalata ambiri amene afika ku tsamba lino mwezi uno achokera m'boma la Mangochi, ndipo ngakhale olemba ake ndi anthu a misinkhu yosiyana, nkhani yawo ndi imodzi, ya njira yolowera maphunziro a uinjiniya kusukulu zaukachenjede. Ena mwa makalatawa tawafupikitsa kuti malo akwane, ndipo mayina a olemba tawasunga monga mwa mwambo wa tsambali.

FUNSO: Alangizi, mwana wanga wamwamuna analemba mayeso a MSCE ndipo anapeza mapointi 14. Mudzi wonse unakondwera, amalume ake anapha mbuzi, ndipo tonse tinkangoti basi akupita kukaphunzira uinjiniya wa zamagetsi umene wakhala akuulakalaka chiyambire ali ku pulayimale. Mayina atatuluka, iye sanasankhidwe, pamene mnzake amene anapeza mapointi 18 anatengedwa. Magiredi ake ndi awa: Chichewa 1, Jogalafe 2, Zaulimi 2, Social Studies 2, Chingerezi 3, Bayoloji 4, Masamu 6, Fizikisi 7, ndipo Kemisitiri sanalembe. Kodi pamenepa sipanachitike chinyengo? Ndine mayi wa ku Namwera.

YANKHO: Mayi, kudandaula kwanu ndi komveka, pakuti mapointi 14 sabwera chogona, makamaka kwa mwana wophunzira kumudzi, ndipo mnyamatayo ndi woyenera kuyamikiridwa. Komabe magiredi amene mwalembawa akuonetsa poyera kuti chinyengo panalibe. Mwanayu sanakwanitse zoyenereza za maphunziro amene anasankha, kotero kuti dzina lake linaikidwa pambali asanayambe n'komwe kumuyerekeza ndi anzake.

Bungwe loyendetsa mayeso la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 kulekeza 9. Giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amene timawatchula m'midzimu timawapeza pophatikiza magiredi a maphunziro 6 amene mwana wachita bwino koposa, ndiye chifukwa chake Masamu ndi Fizikisi za mwana wanu sizinalowe n'komwe m'mapointi 14 aja. Kuti munthu aganiziridwe m'mayunivesite a boma, amafunika makirediti 6, Chingerezi chili momwemo, ndipo apa mwana wanu anadutsa bwino lomwe popeza ali nawo 7. Koma kosi iliyonse ili ndi khomo lakelake, ndipo khomo la uinjiniya limafuna kirediti pa Masamu, Fizikisi ndi Kemisitiri, kuwonjezera pa Chingerezi chija. Kale Fizikisi ndi Kemisitiri zinali phunziro limodzi lotchedwa Physical Science, koma tsopano zinagawidwa pawiri, ndipo makosi a uinjiniya amafuna zonse ziwiri. Mwana wanu ali ndi 7 pa Fizikisi, yomwe si kirediti, ndipo Kemisitiri alibe.

Ngakhale akanapeza 6 pa maphunziro atatu onsewa, mwayi wake ukanakhala wochepa kwambiri, chifukwa malo ndi owerengeka pamene ofuna ndi ambiri, ndipo osankha amaika patsogolo amene achita bwino koposa pa maphunziro okhudzana ndi kosiyo. Wogula chambo padoko safunsa kulemera kwa dengu lonse, amafunsa kuti chambo chilimo chingati. Mnzake wa mapointi 18 uja mukaona satifiketi yake mupeza kuti mphamvu zake zili pa Masamu ndi sayansi, ngakhale kuti mwina Chichewa ndi Jogalafe sanachite bwino ngati mwana wanu.

Lamuloli silinaikidwe pofuna kuzunza ana. Chaka choyamba cha uinjiniya chimadzaza ndi masamu apamwamba, Fizikisi, Kemisitiri ndi kujambula mapulani, ndipo aphunzitsi amayambira pamene Fomu 4 inalekezera osabwerera m'mbuyo. Taganizirani thiransifoma yopachikidwa pamtengo pamsika wa Namwera: munthu anawerengera kuchuluka kwa nyumba, zigayo ndi mashopu zomwe idzadyetse, anawerengera kunenepa kwa waya kuti asatenthe n'kusungunuka, anadziwanso khalidwe la mafuta amene ali m'kati mwake oziziritsa ndi kuteteza mawaya. Zonsezi ndi Masamu, Fizikisi ndi Kemisitiri, ndipo mwana wolowa wopanda maziko amenewa amangovutika ndi mayeso obwereza mpaka kuchotsedwa, zomwe zimapweteka kuposa kusasankhidwa.

Tsono njira zilipo ziwiri. Ndi magiredi amene ali nawowa angathe kupikisana bwino pa makosi ena, monga a uphunzitsi kapena a zachikhalidwe cha anthu, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Koma ngati mtima wake uli pa zamagetsi, abwereze. Mumupezere malo pasukulu yokhala ndi labotale ndi mphunzitsi wa Kemisitiri, ngakhale itakhala ya masana imene ambiri amaitcha open, ndipo mudziwiretu kuti Kemisitiri ya Fomu 3 ndi Fomu 4 siphunzirika m'miyezi itatu. Ine ndimalangiza kuti wobwereza alembe maphunziro onse ofunikira pa ulendo umodzi, kuti makirediti 6 aja aonekere pa satifiketi imodzi pamodzi ndi Masamu, Fizikisi, Kemisitiri ndi Chingerezi. Musamulole kuti ayambe wapita kunyanja kapena ku Joni kwa zaka zingapo n'cholinga choti adzabwereze pambuyo pake, chifukwa chilengezo cha chaka chilichonse chimatchula zaka zaposachedwa za mayeso zomwe zikuganiziridwa, ndiponso masamu amathawa m'mutu mwa munthu akawaleka. Chimene chimandiwawa n'chakuti masukulu ambiri amamata pakhoma mapointi okha, ndipo makolo amapita kwawo osauzidwa kuti mapointi abwino angathe kukhala opanda ntchito pa kosi imene mwana akufuna.

FUNSO: Alangizi, ndine mtsikana wa Fomu 2 pasukulu ina ya CDSS kwa Makanjira. Nthawi ya dzinja mitsinje ikadzaza, milatho ya kwathu kuno imavuta ndipo odwala amalephera kufika kuchipatala cha ku boma, choncho ndimafuna ndidzakhale injiniya womanga misewu ndi milatho. Anzanga a Fomu 4 akundiuza kuti ndikafika Fomu 3 ndidzasiye Fizikisi ndi Kemisitiri chifukwa zimagwetsa mapointi, ndipo sukulu yathu ilibe labotale. Azakhali anga akuti imeneyi ndi ntchito ya amuna. Nditani?

YANKHO: Mwana wanga, wachita bwino kufunsa ukadali mu Fomu 2, chifukwa nkhani ya uinjiniya imagamulidwa tsiku limene ophunzira amasankha maphunziro a Fomu 3, osati tsiku lodzaza mafomu a ku yunivesite. Werenga bwino yankho limene ndapereka kwa mayi a ku Namwera, ndipo uona kumene malangizo a anzakowo amafikitsa munthu. Iwo akunena zoona kuti kusiya sayansi kungakongoletse mapointi, koma mapointi okongolawo sadzakutsegulira khomo limene iwe ukulifuna. Usasiye Fizikisi, usasiye Kemisitiri, ndipo Masamu uwatenge ngati chakudya cha tsiku ndi tsiku.

Vuto la labotale ndi lenileni ndipo sindikufuna kulichepetsa, pakuti maphunziro awiriwa ali ndi mayeso ochita ndi manja pa MSCE. Choyamba pita kwa ahedi, makamaka pamodzi ndi kholo kapena amalume ako, mukafunse ngati sukulu imalembetsa ophunzira mayeso a Fizikisi ndi Kemisitiri, ndiponso ngati pali mphunzitsi amene adzakufikitse kumapeto kwa silabasi. Masukulu a sekondale oyandikana amaikidwa m'magulu kuti azithandizana, ndipo ahedi achangu amatha kukonza zoti ophunzira awo akagwireko zipangizo kusukulu ina yomwe ili nazo. Zina mwa ntchito za Fizikisi ungathe kuzichita pakhomo pomwe. Mangirira mwala kuchingwe chotalika mita imodzi, uchipachike kunthambi ya mtengo, uukankhe mwalawo pang'ono, ndipo ndi wotchi ya pafoni uwerenge nthawi imene watenga kuti upite ndi kubwera maulendo 20. Kenaka fupikitsa chingwecho, ubwerezenso, ulembe zotsatira m'mizere ndi kujambula girafu. Mabatire awiri a tochi, babu ndi tiwaya zikuphunzitsa kusiyana kwa kulumikiza motsatizana ndi kulumikiza mbali ndi mbali. Koma Kemisitiri ndi ina: kuthira asidi dontho ndi dontho mpaka madzi asinthe mtundu kumafuna zipangizo zenizeni ndi mankhwala enieni, ndipo si bwino kuti udzazione koyamba tsiku la mayeso. Ngati zaonekeratu kuti pasukulu pako maphunzirowa kulibe, makolo ayambe msanga nkhani yopempha kuti usamukire kwina, kudzera kwa ahedi mpaka ku ofesi ya zamaphunziro ya South East Education Division ku Zomba, yomwe imayang'anira masukulu a sekondale a m'boma la Mangochi.

Chingerezi usachinyoze. Ana ambiri a kuno amayankhula Chiyao pakhomo, Chichewa pamsika, ndipo Chingerezi amangokumana nacho m'kalasi, komatu popanda kirediti ya Chingerezi palibe yunivesite ya boma imene ingakutenge ngakhale utapeza 1 pa Masamu. Kumene kuli Additional Mathematics kapena Technical Drawing, wozitenga amakapeza chaka choyamba chopepukirako, koma kusowa kwake kusakugwetse mphwayi popeza maziko ndi anayi aja.

Azakhali ako uwayankhe mwaulemu kuti palibe lamulo loletsa mtsikana kuphunzira uinjiniya, ndipo amayi amene akuyang'anira ntchito za misewu, madzi ndi magetsi m'dziko muno alipo. Mayunivesite akufunitsitsa atsikana ochita bwino pa sayansi, moti ya Malawi University of Science and Technology (MUST) imakhala ndi msasa wa sayansi wa atsikana a m'masukulu a sekondale pa nthawi ya tchuthi. Uwapemphe aphunzitsi ako a sayansi kuti azitchera khutu za msasa umenewu. Injiniya wa milatho ntchito yake yaikulu ndi kuyeza nthaka, kuwerengera mphamvu ya madzi osefukira ndi kulemera kwa magalimoto, ndi kuonetsetsa kuti simenti, mchenga, miyala ndi zitsulo zaikidwa pa mlingo wake, ndipo zimenezi sizifunsa kuti ndiwe mwamuna kapena mkazi.

FUNSO: Alangizi, ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Malindi. M'masiku athu tinkamva kuti boma lililonse lili ndi malo ake otsimikizika ku yunivesite. Kodi mdzukulu wanga angadalire malo a Mangochi?

YANKHO: Bambo, ndondomeko imene mukuikumbukirayo ndi ya kota, yomwe inabwezeretsedwa m'nthawi ya ulamuliro wa Bingu wa Mutharika ndipo inkapatsa boma lililonse malo 10 otsimikizika, koma inathetsedwa m'chaka cha 2020. Mayeso apadera olowera ku yunivesite amene ana ankalemba kale nawonso anatha. Lero mdzukulu wanu akupikisana ndi mwana wa ku Karonga, wa ku Dedza ndi wa ku Nsanje potengera magiredi a MSCE, ngakhale kuti boma linanena kuti lipitiriza kuganizira mwapadera atsikana, ophunzira aulumali ndi achialubino. Kuganiziridwa mwapaderako sikuchotsa zoyenereza za kosi, kotero kuti Masamu, Fizikisi, Kemisitiri ndi Chingerezi zimafunika kwa aliyense.

FUNSO: Alangizi, mphwanga, mwana wa mlongo wanga, wakhoza bwino kwambiri Masamu ndi sayansi, ndipo ine monga mwinimbumba ndine ndikumuthandiza kudzaza mafomu. Iye akungoti akufuna uinjiniya. Kodi uinjiniya ndi umodzi, ndipo umaphunzitsidwa kuti? Ndine bambo wa kwa Chimwala.

YANKHO: Bambo, uinjiniya uli ndi nthambi zambiri, ndipo pa fomu palibe polemba kuti uinjiniya basi, mwana amatchula kosi yeniyeni ndi yunivesite yake. Kusankha ophunzira opita m'mayunivesite 6 a boma kumayendetsedwa pamodzi kudzera ku bungwe la National Council for Higher Education, lomwe ambiri amangoti NCHE, ndipo limatulutsa chilengezo zotsatira za MSCE zikatuluka, chokhala ndi mndandanda wa makosi onse ndi zoyenereza za kosi iliyonse. Chilengezo chimenecho muchiwerenge inuyo ndi mwanayo mzere ndi mzere, chifukwa ndi chimene chimalamulira chaka chimenecho.

Nyumba yakale ya uinjiniya m'dziko muno ndi Malawi University of Business and Applied Sciences (MUBAS) ku Blantyre, yomwe tinkaidziwa kuti Polytechnic isanaime payokha m'chaka cha 2021. Kumeneko kuli uinjiniya wa zomangamanga, womwe umagawikanso kukhala wa misewu, wa madzi ndi wa nyumba ndi milatho. Kuli wa zamagetsi, wa zamauthenga ndi makompyuta, wa makina, wa magalimoto, wa migodi, ndi wa zipangizo za m'chipatala. Malawi University of Science and Technology, yomwe ili ku Ndata m'boma la Thyolo ndipo inatsegulidwa m'chaka cha 2014, imaphunzitsa mwa zina uinjiniya wa zamakemiko, wa zitsulo, ndi wa zipangizo za m'chipatala. M'mayunivesite awiriwa digiri ya uinjiniya imatenga zaka 5, ndipo m'kati mwa zakazo wophunzira amatumizidwa kukagwira ntchito kukampani kapena kunthambi ya boma kwa miyezi ingapo. Ku Bunda, pansi pa Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources, kuli uinjiniya wa zaulimi ndi wa ulimi wothirira, pamene Mzuzu University imadziwika ndi maphunziro a mphamvu zochokera ku dzuwa, mphepo ndi madzi.

Kuti mwanayo amvetse kusiyana kwake, mutengeni mukaime naye pa mlatho wa Bakili Muluzi ku boma, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo mumuuze kuti amene anawerengera nsanamira zomira mu Shire zija ndi a zomangamanga. Madzi omwewo akatsika amakadutsa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde n'kukazunguza makina opanga magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene a zamakina ndi a zamagetsi amagwirira limodzi. Ndipo namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse linaona kufunika kwa anthu amenewa. Boma ngati lathu lino, lokhala ndi nyanja ya Malawi, ya Malombe ndi mtsinje wa Shire koma n'kumavutikabe ndi njala mvula ikavuta, likusowa kwambiri mainjiniya a ulimi wothirira, ndipo ndimamva chisoni kuti ana ambiri amaiona kosi imeneyi ngati yotsika.

Pa kadzazidwe ka fomu ndikuchenjezeni zinthu ziwiri. Mwana amaloledwa kusankha makosi angapo motsatana, woyamba kukhala umene akuufunitsitsa. Musadzaze mipata yonse ndi makosi opikisanidwa kwambiri okhaokha, koma kumapeto muikepo umene magiredi ake akuukwanira mosakayikitsa ndipo iye angaukonde. Chachiwiri, popeza mafomu amadzazidwa pa intaneti, ana ambiri a kumidzi amapereka mapepala awo kwa mnyamata wa pamalo olipiritsa makompyuta ku boma n'kumakadikira panja, ndipo mnyamatayo, pothamangira makasitomala ena, amasankha makosi mongolota kapena kulakwitsa nambala ya mayeso. Mphwanuyo akhale pampando pomwepo, aone ndi maso ake kuti dzina, nambala ya mayeso, chaka cholembera ndi makosi zalembedwa molondola, ndipo asunge risiti ya ndalama zolembetsera.

FUNSO: Alangizi, ndine bambo wa zaka 31 wa ku Monkey Bay. Ndimakonza mainjini a maboti ndipo ndili ndi satifiketi ya umakaniko, koma MSCE yanga ili ndi makirediti 3 okha. Anthu padoko amanditcha injiniya, koma ine ndikufuna digiri yeniyeni. Kodi zaka zanditha?

YANKHO: Achimwene, zaka sizinakuthereni, koma njira yanu ndi yosiyana ndi ya ana ongomaliza kumene Fomu 4. Mayunivesite ali ndi khomo la anthu akuluakulu amene ali kale pantchito, ndipo pa khomo limeneli munthu amalembera mwachindunji ku yunivesite ikalengeza, osadzera m'kusankha kwa NCHE kuja. Chimene amafuna kawirikawiri ndi dipuloma ya ntchito yogwirizana ndi kosiyo yochokera kusukulu yovomerezeka, MSCE yokhala ndi makirediti okwanira kuphatikizapo Chingerezi ndi Masamu, ndi umboni wolembedwa woti mwagwira ntchitoyo kwa zaka zingapo. Satifiketi ya umakaniko payokha sifika pa mlingo wa dipuloma, choncho makwerero anu ndi awa: konzani kaye MSCE polembanso Chingerezi, Masamu, Fizikisi ndi Kemisitiri ngati wolemba wapadera, kenaka mukwere kufika pa dipuloma kudzera m'makoleji a zaluso amene ali pansi pa ndondomeko ya bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA, monga Nasawa ku Zomba, Soche ku Blantyre kapena Salima, kapenanso m'maphunziro a dipuloma a ku MUBAS. Pakhomo panu pomwepo pali Marine Training College, imene imaphunzitsa za mainjini a sitima ndi kayendetsedwe kake, ndipo kwa munthu wa ntchito ngati yanu ndi malo oyenera kukafunsako zoyenereza musanayang'ane kutali.

Luso la manja anu ndi chuma chimene ana ochokera ku Fomu 4 alibe. Inu mukamva kulira kwa injini mumadziwa kale kuti vuto lili pa pulagi kapena pa kabuleta, ndipo m'kalasi mudzamvetsa msanga zimene anzanu akungoziona pa bolodi. Chimene chimagwetsa amisiri ambiri pa digiri ndi masamu, chifukwa kumeneko sakufunsani kukonza injini koma kuwerengera chifukwa chimene shafiti ya kukula kwakuti imathyokera ikazungulira pa liwiro lakuti. Yambani lero kugwira buku la Masamu la Fomu 3 madzulo alionse, ndipo ngati mumagwira ntchito pa inu nokha, yambani kusunga makalata a eni maboti ndi makampani amene mwawagwirira ntchito, chifukwa tsiku lina adzakhala umboni wa zaka zanu.

FUNSO: Alangizi, ine kwathu ndi kwa Katuli koma ndikugwira ntchito ku Johannesburg, ndipo mwana wanga ali Giredi 9 konkuno. Akufuna uinjiniya. Kodi aphunzire konkuno kapena ndimutumize kumudzi?

YANKHO: Bambo, funso lanu lafika pa nthawi yake, chifukwa ku South Africa ana amasankha maphunziro polowa Giredi 10, ndipo msampha umene uli kumeneko ndi wofanana ndi wa Fomu 3 kwathu kuno. Kuli masamu a mitundu iwiri, Mathematics ndi Mathematical Literacy, ndipo wachiwiriyu ndi wopepuka koma salandiridwa pa digiri ya uinjiniya. Mwana wanu atenge Mathematics ndi Physical Sciences, ndipo azikhoze kwambiri, pakuti mayunivesite monga Witwatersrand, Pretoria ndi Cape Town amafuna malikesi apamwamba pa maphunziro amenewa, ndipo ena amafunanso mayeso owonjezera a National Benchmark Tests. Digiri ya uinjiniya kumeneko imatenga zaka 4. Dziwaninso kuti thandizo la boma la ndalama za maphunziro lotchedwa NSFAS ndi la nzika za dzikolo ndi amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo mpaka kalekale, ndiponso yunivesite idzafuna kuona mapepala ovomerezeka okhalira ndi kuphunzirira m'dzikomo, choncho nkhani ya mapepala a mwanayo muikonze akadali wamng'ono.

Mukafuna kumubweza kumudzi, mumubweze msanga kuti adzayambe Fomu 3 kuno n'kulemba MSCE bwinobwino, osati kumudula pakati pa Giredi 11. Akamaliza konko n'kufuna yunivesite ya kuno, satifiketi yake iyenera kuyamba yaunikidwa kuti ifananizidwe ndi MSCE, ndipo Mathematical Literacy idzamutsekera khomo kuno monga momwe ikanamutsekera uko. Kwa amene akuganiza zotumiza mwana wa MSCE kukaphunzira digiri ku South Africa, adziwe kuti satifiketi yakunja imafuna chilolezo cha bungwe la Universities South Africa, ndipo nthawi zambiri MSCE payokha sikwanira popanda maphunziro owonjezera monga A-Level.

FUNSO: Alangizi, mwana wanga wamkazi ali ndi zonse zoyenereza koma ndine mayi wamasiye wogulitsa usipa pa Makawa. Akasankhidwa ndidzalipira chiyani? Akapanda kusankhidwa, kodi ndingamutumize kukoleji ina yoima payokha imene ikulengeza pa wailesi kuti ili ndi uinjiniya?

YANKHO: Mayi, kusowa ndalama kusakuletseni kudzaza fomu. Kuyambira m'chaka cha 2015 kuli bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene limapereka ngongole kwa ophunzira osowa kuti alipirire fizi, chakudya, malo ogona ndi mabuku. Mwana amapempha ngongoleyi akasankhidwa, ndipo bungweli limafuna umboni woti banja ndi losowadi, choncho konzeranitu chiphaso chaunzika cha mwanayo ndi chanu, ndi kalata yotsimikiza za imfa ya bambo ake. Opempha amachuluka kuposa ndalama zomwe zilipo, kotero pemphani nthawi yomweyo mafomu akatuluka, ndipo mwanayo adziwe kuti ndi ngongole yodzabweza akamaliza maphunziro, si mphatso. Pambali pa fizi, wophunzira uinjiniya amafuna kakyuleta ya sayansi, zida zojambulira mapulani, nsapato zolimba ndi ovolosi ya kuwekishopu, ndipo pofika chaka chachiwiri laputopu imakhala yovuta kuipewa. Izi muyambe kuzikambirana ndi abale a mbali zonse ziwiri mayina asanatuluke.

Za koleji yoima payokhayo, musapereke ngakhale tambala musanaone zinthu ziwiri pa mndandanda umene NCHE imatulutsa: kuti kolejiyo ndi yolembetsedwa, ndiponso kuti kosi ya uinjiniya imene akulengezayo payokha ndi yovomerezedwa, chifukwa zimatheka koleji kukhala yovomerezeka pa makosi ena koma osati pa umenewo. Mupite ndi mwanayo mukaone ndi maso ngati kuli malabotale ndi mawekishopu okhala ndi makina ogwira ntchito, ndipo mukayikire koleji iliyonse imene ikuti imatenga ophunzira a uinjiniya opanda kirediti ya Masamu ndi Fizikisi. Nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa digiri sindiyo mapeto: amene akufuna kugwira ntchito ngati injiniya m'dziko muno amalembetsa ku Malawi Engineering Institution, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2019, poyamba ngati wongomaliza kumene maphunziro, kenaka ngati injiniya wovomerezeka atagwira ntchito zaka zingapo pansi pa akuluakulu odziwa ndi kuyesedwa. Polembetsa kumeneko amayang'ana kumene digiri inachokera, ndipo ngongole ya boma ija nayonso imaperekedwa kwa ophunzira a m'masukulu ndi makosi ovomerezedwa okha.